Tsiku limene bambo anafika pa maliro awo

Bambo anga anayamba amwalira m'filimu, ndipo imfa imeneyo inatipatsa chintchito kuposa imfa zenizeni zambiri zimene ndaziona kuno ku Bangwe.

Achinyamata ena a ku Soche ankajambula filimu ya mbiri ya thangata, nthawi ija makolo athu ankalimira azungu m'minda ya tiyi kuti angopatsidwa pokhala. Ankafuna nkhalamba yoonda, ndipo anaipeza pakhonde la sitolo ikupalasa makina osokera. Madzulo ake bambo anafika pakhomo akuyenda ngati msewu wonse augula.

"Andisankha," anatero. "Filimu ya hisitole. Akuti nkhope yangayi ili ndi mbiri."

"Nkhope yanuyo ili ndi njala basi," anayankha mayi. "Muzidya."

Mbali imene anawapatsa sanaitchule. Ankangoti ndi yaikulu, aliyense m'filimumo amayang'ana iwo. Tinangoona khalidwe lachilendo: akadya masana ankagona chagada pamphasa, manja m'mbali, mpweya osatuluka. Mayi akawaitana ankatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Ndikupulakitisa." Mayi ankati ulesi wapeza dzina latsopano.

Ine ndinadziwa zoona chifukwa ndinawaperekeza ku Machinjiri tsiku lojambula, nditawanyamulira suti. Sutiyo sinatuluke n'komwe m'pepala. Anawaveka chiguduli, kuwapaka phulusa, kuwaika thonje m'mphuno, kuwamanga chibwano ndi kansalu, n'kuwagoneka m'kanyumba kaudzu, azimayi a m'filimumo atawazungulira akulira. Ndinene chilungamo, bambo anafa bwino kwambiri. Ntchentche inatera pamphuno pawo, inayendapo mmene inafunira, iwo osagwedezeka. Wojambula anaomba m'manja. Pobwerera bambo anandigwira mkono.

"Ukakawauza mayi ako, suti ya ukwati wako ukasoketse kwina."

Koma panali chinthu china chimene chinkawadya bambo, ndipo tonse pakhomo tinkachidziwa. Anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, wamkulu kwa iwo, azakhali anga a ku Thyolo. Awiriwa sanalankhulane kwa zaka zambiri. Agogo aakazi atamwalira, bambo anangodikira kuti dothi likwiriridwe n'kuthamangira basi, akuti anali ndi mayunifomu a sukulu oti amalize. Sanagone pasiwa, sanadikire kumeta. Azakhali anawalondola mpaka pamsewu n'kuwauza anthu akumva kuti, "Iwe ukadzafa, phazi langa silidzaponda pakhomo pako. Akakuike anthu ako a m'tauniwo."

Mawu amenewa bambo ankawabwereza ngati nthabwala. Akabwera kumaliro a munthu wina, ndipo maliro sankawaphonya, ankavula nsapato n'kunena kuti, "Ujeni uja alongo ake alira bwino. Ine anga akuti sadzabwera." Ankaseka, koma tiyi wa tsiku limenelo ankazizira m'kapu. Zinkandipweteka, ndipo zinkandikwiyitsanso, chifukwa Thyolo si kutali. Koma onse awiri anatengera mutu umodzi wouma.

Filimu itatsala pang'ono kuonetsedwa, eni ake anatulutsa kachidutswa koti anthu alaweko pa mafoni. Mwa zithunzi zonse anasankha pamene bambo agona, ntchentche ili pamphuno. Kachidutswako kanayenda foni ndi foni, ndipo m'njira mawu onena kuti ndi filimu anaduka. Kofika ku Thyolo kanali kamaliro basi. Mdzukulu wa azakhali anawaonetsa n'kufunsa ngati awa si agogo a ku Bangwe aja.

Kwathu nkhani ya maliro sitiifufuza. Timayamba tanyamuka, mafunso amabwera tikaika.

Tsiku limenelo bambo ndi mayi anapita m'tauni kukagula nsapato zovala kokaonera filimu mawa lake. Bambo akalowa m'tauni foni amaithimitsa n'kuilonga m'sokosi, kuopa akuba. Ya mayi inali itafa ndi kuthima kwa magetsi. Ine ndinali kuntchito. Kiyi wa nyumba, monga mwa nthawi zonse, anali kwa mayi a khomo loyandikana nalo.

Azakhali atatsika minibasi pa siteji, mdzukulu uja ali pambuyo, anamanga chitenje m'chiuno, manja kumutu, n'kuyamba.

"Achimwene anga ine! Mwandisiya ndi ndani ine!"

Amene anakhalako ku Bangwe akudziwa kuti kulira koteroko kukalowa m'kanjira, zotsala zimayenda zokha. Mayi oyandikana nafe aja anatuluka ndi kiyi m'manja, misozi ili kale m'masaya. Anakumbukira kuti m'mawa anawaona bambo akuyenda mofooka, pamene anali kungoteteza nsapato yakale yong'ambika. Foni ya mdzukulu uja inazungulira, aliyense akaona n'kugwira pakamwa. Munthu mmodzi yekha ndiye anafunsa kuti zatheka bwanji telala wathunthu kufera m'chiguduli, ndipo anamuyankha kuti mmisiri sadzisokera. Azibambo anatulutsa masofa athu panja. Ena anathyola nthambi n'kuziyala pamsewu. Amayi a kumpingo anafika ndi mabuku a nyimbo, nkhuni zinayamba kubwera mtolomtolo.

Ine anandiimbira foni masana.

"Ubwere msangamsanga, bambo adwalika."

Mwana aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Kholo likafa sakuuza pa foni, amati ladwalika. Ulendo wa pa minibasi uja sindimaukumbuka. Ndimakumbuka nthambi zija pamsewu wathu. Ndinalira ngati kamwana, munthu wandevu zanga. Anandigwira uku ndi uku n'kundikhazika pa sofa yathu yomwe, pansi pa mtengo wa peyala.

"Zachitikira kuti?" ndinafunsa.

Mkulu wa mpingo anandipatsa foni mwaulemu, ndi manja awiri. Ndinaona chiguduli. Ndinaona thonje. Kenako inatulukira ntchentche ija.

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka kugwa pa sofa. Azibambo anayang'anana.

"Mutu wasokonekera," anatero mkulu uja. "Zimachitika. Mugwireni bwino."

"Ndi filimu iyi! Amadala ali moyo, apita kukagula nsapato!"

"Limba mtima, mwana wanga. Tonse sitikukhulupirira."

Ndikalimbikira, iwo amalimbikiranso kundisisita msana. Wina anandibweretsera madzi a shuga. Ndinakalipa, ndinalumbira, ndinatchula Machinjiri, koma munthu wofedwa samutsutsa ndiponso samumvera. M'nyumba nyimbo inali itagwira bwino, ija bambo amaikonda.

Za mmene zinayendera kumsewu ndinamva kwa mayi. Akuti bambo ataona nthambi anavula chipewa n'kuyamba kudandaula. "Maliro m'dera langa lomwe, ine osauzidwa? Anthu a masiku ano!" Anayenda pang'onopang'ono, mwaulemu, jumbo ya nsapato kukhwapa, akuyamikira kuti kwayayo ikuimba bwino. Atakhota pa ngodya anaona masofa awo panja. Anayang'ana mayi, ali pambali pawo amoyo. Anadziyang'ana okha. Pakhomopo tinali atatu basi.

Jumbo ija inagwa pansi.

"Mwana wanga! Mwana wanga ine!"

Azibambo atatembenuka n'kuona malemu akubwera chothamanga, atavala tayi, akulira, ulemu wonse wa pamaliro unathera pomwepo. Mkulu wa mpingo anadumpha mpanda wa udzu umene ngakhale mbuzi imayamba yaganiza. Wina anathawa ndi mpando m'manja. Amayi a kukhitchini anasiya madzi akuwira. Bambo anandipeza ndili ndekha pa sofa, anandigwira nkhope, kundigwira mapewa, kundigwiranso nkhope.

"Ndiye wafa ndani?"

"Inuyo, amadala."

M'nyumba nyimbo inazima mzere ndi mzere. Amayi anatuluka mmodzimmodzi, akukhudza khoma. Womalizira anali mayi wamfupi, waimvi, maso atatupa, atanyamula kansalu kopindapinda. Ine sindinawazindikire msanga. Bambo anawazindikira.

"Achemwali."

Azakhali anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. Anayandikira n'kuwatsina pamkono mwamphamvu, bambo mpaka kukuwa.

"Ndiwe wamoyo?"

"Ndi filimu, achemwali. Ya thangata. Ya mbiri ya agogo athu."

"Agogo athu anakutuma kuti uzigona pamphasa ndi thonje m'mphuno? Nkhalamba yonseyi? Ndasiya nandolo wanga padzuwa ine!"

Kansalu kaja anakasandutsa chikwapu, kumsana, kumapewa, bambo akuzungulira sofa, anthu amene anathawa aja akubwerera kudzaonerera. Kenako bambo anaima n'kugwira nsonga ya nsaluyo. Inali yakale, maluwa ake atafufuma.

"Ichi si chitenje cha amayi?"

"Ndimati ndikufunditse," anatero azakhali. "Ndinaona akugoneka m'chiguduli ngati ulibe abale."

Bambo anakhala pansi. Anthu oseka aja analeka.

"Paja munati simudzabwera."

"Ndinatero."

"Koma mwabwera."

"Usandiyankhe mwano. Ndabwera kumaliro, sindinabwere kwa iwe."

Nkhuni zinali zitabwera kale, madzi atawira, ndiye anthu anaphika ndithu, ndipo tinadya chakudya cha maliro mwini wake akugawa mbale. Mkulu wa mpingo anabwerera ndi thalauza long'ambika, bambo analonjeza kulisoka. Nthambi zija anakazichotsa okha pamsewu, akupepesa a minibasi. Mayi sanawalankhule mpaka kutacha, osati chifukwa cha manyazi a pamudzi, koma chifukwa cha kupulakitisa kuja.

Azakhali ananena kuti abwerera m'mamawa. Kutacha anati miyendo ikuwawa. Masana tinawapeza atavala kale, akuti akufuna akaone ndi maso awo chopusa chimene chawasiyitsa nandolo.

Holo inadzaza, theka lake anthu a m'kanjira kathu. Filimuyo inali yabwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Azakhali ankailankhulira mokweza, kukonza ojambula kuti dengu la tiyi salinyamula choncho, kutukwana kapitawo wa m'filimumo ngati akuwamva. Kenako kanatulukira kanyumba kaudzu kaja. Anthu a ku Bangwe anaombera m'manja ntchentche, mluzu pyepye, wina anakuwa kuti, "Dzukani, madala, mwagula nsapato!"

Azakhali sanaseke. Ndinaona dzanja lawo likufufuza mumdima wa m'holomo mpaka linapeza mkono wa bambo, pamene anatsina paja, n'kuugwira. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo kulira kunatuluka, kwapansipansi, kosiyana ndi kwa pa siteji kuja.

Bambo anawerama. "Achemwali, ndili pompano. Ndi filimu chabe."

"Ndikudziwa, sindine chitsiru," anatero azakhali, maso ali kutsogolo, dzanja osalichotsa. "Ndisiye ndilire lero ukumva. Tsiku lenilenilo sudzamva."