Kabati Yakuda ya Amayi a ku Japan

Amayi a ku Japan a khomo loyang'anizana ndi langa anandipempha chinthu chimene palibe wina anandipemphapo. Ankafuna kuti masiku amene iwo adzakhale ali m'chipatala, ine ndizikawapatsa tiyi amuna awo m'mawa uliwonse. Amuna awowo anali atamwalira kalekale, ine ndisanaponde n'komwe mu Nairobi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Kilimani, m'fulati yapamwamba, kufupi ndi Ngong Road kumene magalimoto sapuma. Ndinali nditangobwerako kumudzi kumene tinakaika bambo a ana anga. Anadwalira ku Nairobi, n'kumwalirira komweko, ndipo tinawanyamula pandege. Mwambo utatha, zovala zawo zitagawidwa, ndinabwerera kuntchito ndekhandekha, poti ana anali kale ndi mabanja awo ku Lilongwe. Zithunzi zawo zonse ndinazichotsa pakhoma n'kuziika pansi pa sutikesi. Kwathu womwalira timamusiya kumanda, ndipo kumandako munthu sumangopitako mmene wafunira. A kumpingo ankandiuza kuti ndilimbe mtima, ine n'kulimbadi. Sindinkalira, sindinkawatchula, ndinkangopita kuntchito n'kubwera.

Amayiwo ndinkawaona m'mawa ndikamapita kokwera galimoto. Anali aafupi, a imvi mutu wonse, oyenda ndi ndodo. Ankaima pampanda wa maluwa ndi sizasi m'manja, n'kumayang'anitsitsa nthambi imodzi ngati munthu wosankha nsalu ya ukwati. Akatero ankadula kanthambi kamodzi kokha n'kubwerera nako m'nyumba. Tinkapatsana moni m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, mpaka tsiku lina anandiitana kuti ndikamwe tiyi.

Kuvula nsapato pakhomo sikunandidabwitse. Chimene chinandinyansa n'chakuti atangoona kuti ndavula, anawerama ndi ululu wawo wonsewo n'kutembenuza nsapato zanga kuti ziyang'ane kunja. Mumtima ndinati, ndisanakhale n'komwe pansi mwayamba kale kundilozera njira? Pambuyo pake ndinadziwa kuti kwawo umenewo ndi ulemu, amafuna kuti mlendo asavutike povala.

Nditalowa pabalaza mtima unandiwawa. Munali tebulo lalifupi, mipando iwiri, ndipo pakhoma panalendewera pepala limodzi lalitali lojambulidwa ndi inki yakuda. Pansi pa pepalalo panali kamtsuko kadothi, mmenemo muli kanthambi kaja. Basi. Ine nyumba ya mayi wamasiye imene abale a mwamuna adutsamo ndimaidziwa, ndinaiona kwa azakhali anga ndi maso angawa. Ndinati kani khalidwe lolanda katunduli lili ndi ku Japan komwe. Sindinafunse, poti zoterezi munthu safunsa. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, kupita kumsika wa ku Eastleigh, ndinapanikizana ndi anyamata okankha ngolo m'timisewu tija, ndipo ndinabwerako ndi mtolo wa maluwa apulasitiki, tinsalu toluka toyala pamipando, ndi chithunzi chachikulu cha mphaka ali m'dengu.

Analandira ndi manja awiri, anawerama, n'kuthokoza kangapo. Kenaka anandigwira dzanja n'kukanditsekulira makabati a m'chipinda. Munali mabokosi amatabwa okhaokha, omangidwa ndi tizingwe, osanjikizana mpaka kudenga. Lililonse linali ndi pepala lojambula lokulungidwa ngati mkeka, kapena mbale, kapena mtsuko. Anati zinthuzo amazitulutsa chimodzichimodzi malinga ndi nyengo, zinazo zimapuma.

"Zonsezi muli nazo, koma pabalaza mbee?" ndinatero. "Kwathu nyumba yotere timaitcha umphawi."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kuyambira tsiku limenelo, ndikati ndikubwera kudzacheza ndinkapeza duwa limodzi lapulasitiki, lodulidwa pamtolo uja, litaimikidwa m'kamtsuko. Mpaka lero sindidziwa ngati unali ulemu kapena ankandiseka.

Anali munthu wovuta, ndisaname. Ankandikonza kagwiridwe ka kapu, kaikidwe ka mbale, ngakhale kakhalidwe ka pampando. Nyengo zimene ankatsatira zinali za kwawo, osati za kuno. Mu Julayi, Nairobi atachita chisanu cholowa m'mafupa, iwo ankapachika chithunzi cha mathithi ati kuti mlendo amve kuzizirira, chifukwa ku Japan kukutentha. Ine ndinkakhala pansi pa mathithiwo nditavala majuzi awiri. Komabe ndinkapitako, chifukwa m'nyumba mwanga simunali wondiyankhula.

Pangodya ya balazalo panali kabati yaing'ono yakuda, yonyezimira moti munthu ungadziyang'anirepo. Ndinkaganiza kuti ndi yosungiramo mbale za alendo. Tsiku lina ndinafika m'mawa n'kupeza zitseko zake zili zotsekula. Mkati munali mopakidwa golide. Munali kathabwa kolembedwa zilembo za kwawo, kabelu kooneka ngati mbale, poyatsira lubani, timaluwa, ndipo pambali pake panali chithunzi cha bambo wovala magalasi. Amayiwo anaika kakapu ka tiyi ndi kambale ka mpunga, anagogoda kabelu kaja, n'kuyamba kuyankhula motsitsa m'chinenero chawo. Atamaliza anandiuza kuti amenewo ndi amuna awo, ndipo amawauza nkhani za tsikulo. M'mawa amawatsekulira, madzulo amawatsekera.

Ine ndinakulira mumpingo. Bambo anga anadana ndi abale awo chifukwa chokana kuthira nsembe patsinde pa mtengo, ndipo nkhani imeneyo tinakula tikuimva ngati ulemerero wa banja lathu. Kaya muipake golide, kaya muiike m'kabati yokongola chotani, ine ndinkadziwa chimene ndikuona. Kuyambira pamenepo ndinkasankha mpando wofulatira ngodya imeneyo.

Chiuno chawo chinkaipiraipira. Dokotala anali atanena kalekale kuti pafunika opaleshoni, koma iwo ankangozengereza. Masitepe ankakwera akugwira khoma, milomo atailuma. Nditawakalipira kuti akudzizunza dala, m'pamene ananena chifukwa chake. Mwana wawo anali ku Japan ndipo sakanatha kubwera. Mayi amene ankawakonzera m'nyumba ankapukuta chilichonse, koma kabatiyo anakanitsitsa kuikhudza. Akapita kuchipatala, amuna awo akhala mumdima, opanda wowatsekulira.

"Mukakana, sindipita," anatero, akuyang'ana pansi.

Ndinapsa mtima. Kumeneku sikupempha, n'kumanga munthu manja. Ndinawauza kuti zitseko ndizitsekula, madzi a maluwa ndizisintha, popeza imeneyo ndi ntchito ya m'nyumba wamba. Za tiyi ndinati ndiona. Mmalawi aliyense akanadziwa kuti ndakana, koma iwo anawerama n'kuthokoza. Anandipatsa kiyi, anandionetsa kachitini ka masamba obiriwira ndi kakapu kopanda chogwirira, ndipo sabata yomweyo anagonekedwa.

Masiku oyamba ndinkalowa ngati munthu wokatsekula mawindo. Ndinkakankha zitseko zija maso ali kumbali, n'kusintha madzi, n'kutuluka. Belu sindinaligwire, lubani sindinayatse, kakapu kanakhala kouma. Madzulo ndikaweruka ndinkadutsira kuchipatala. Opaleshoni inayenda bwino, koma amayiwo anali atachepa pabedipo ngati mwana. Atangondiona anafunsa funso limodzi.

"Amwa?"

"Zitseko ndatsekula," ndinayankha. "Maluwa ali bwino."

Anatembenukira kukhoma. Mawa lake anafunsanso chimodzimodzi, ine n'kuyankhanso chimodzimodzi. Nesi anandikokera pambali n'kundiuza kuti chakudya akungochigwiragwira, ndipo akukana kudzuka kuti ayambe kuphunzira kuyenda. Anati munthu wa msinkhu umenewo akakhalitsa pabedi, nthawi zambiri sadzukanso.

Ndinatuluka m'chipatalamo nditakwiya ndi aliyense: amayiwo chifukwa cha liuma lawo, mwana wawo chifukwa chokhala kutali, ngakhale bambo wa magalasi uja amene sanandilakwire chilichonse. Kunama kunali kosavuta, kungoti amwa basi, koma pakamwa panga pankakana kunamiza munthu wodwala amene wandipatsa kiyi wa nyumba yake. Kwa anzanga a kumpingo sindinakafunse, chifukwa yankho lawo ndinkalidziwa, ndipo linali langa lomwe. Ndinkadziuza kuti akufa samwa tiyi. Ndiye ngati samwa, ndikuopa chiyani m'kakapu? Funso limeneli linkandizungulira m'mutu ngakhale pamisonkhano ya kuntchito, koma silinandifikitse kulikonse.

Sindinganene kuti ndinaganiza bwino n'kupeza yankho. M'mawa wina ndikufulumira kukhitchini kwanga, ndinangozindikira kuti ndathira makapu awiri. Manja anachita okha, monga ankachitira zaka zonse za banja lathu. Ndinaima pamenepo nditagwira kapu yachiwiriyo pamwamba pa sinki, koma kuitaya kunandikanika. Ndinatenga kiyi, ndinawoloka khonde, ndinatsekula zitseko zakuda zija, n'kuthira tiyiyo m'kakapu.

Tsopano ndinasowa chochita. Kumuikira munthu chakumwa osamupatsa moni ndi mwano, ndipo ine sindinaleredwe choncho. Ndinagwada pang'ono.

"Mwadzuka bwanji?" ndinatero m'Chichewa.

Ndinakhala pansi, ndipo sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za mpopi wa kubafa umene unkadontha, za mwana wathu wamkazi amene anali woyembekezera, za denga la nyumba ya kumudzi limene silinathe. Tsiku limenelo ndinachedwa kuntchito.

Madzulo amayiwo atafunsa, ndinati, "Amwa." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapempha kuti ndiwakwezere pilo. Anadya theka la chakudya chawo. Patangopita masiku ochepa ndinawapeza m'khonde la chipatala atagwira chitsulo choyendera, akukalipira mnyamata wowaphunzitsa kuyenda kuti akuwagwira molakwika. Apo ndinadziwa kuti achira.

Ndinapitiriza m'mawa uliwonse. Belu ndi lubani sindinazigwirebe, ndipo pemphero langa ndinkapemphera kwanga, kwa Mulungu wanga, monga kale. Ngati ndinkalakwa, mwini wake akudziwa mmene zinalili. Chimene ndinganene n'chakuti ndinayamba kudzuka msanga, ndipo kuwoloka khonde lija sikunalinso mtolo.

Tsiku lotuluka ndinakawatenga pa takisi. Tinakwera pang'onopang'ono, iwo akudandaula kuti ndikuwakoka. Titalowa sanafune mpando kapena madzi. Analunjika pangodya paja ndi chitsulo chawo, anawerama mmene chiuno chinawalolera, n'kusuzumira m'kakapu. Tiyi wa m'mawa uja anali atazizira, pamwamba atachita kakhungu. Ananyamula, ananunkhiza, n'kuviikamo chala n'kulawa.

"Mkaka," anatero. "Ndi shuga wambiri. Amuna anga moyo wawo wonse sanamwepo tiyi wa shuga."

Kachitini ka masamba obiriwira kanali pomwe anakasiya, kosatsekula, ndipo masiku onsewo sindinakaganizireko n'kamodzi komwe. Manyazi anabwera limodzi ndi mkwiyo. Ndinali pafupi kunena kuti ndavutika nanu mokwanira, ngati simukuyamika tengani kiyi wanu. Koma nditawayang'ana ndinaona kuti sakundikonza. Ankandiyang'ana mofatsa, kakapu kali m'manja.

"Tiyi ameneyu ndi wa ndani?"

"Ndi mmene ankamwera bambo a ana anga," ndinayankha.

Ndinakhala pansi, pasimenti pomwepo, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire pabwalo la ndege kapena kumanda. Amayiwo sanati pole, pepani wa Chiswahili uja, sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anaimirira pomwepo atatsamira chitsulo chawo, ngakhale ndikudziwa kuti mwendo unkawapweteka, mpaka ndinatonthola ndekha.

"Dzina lawo ndani?" anafunsa.

Ife a mbadwo wathu mwamuna sitimutchula dzina. Ali moyo ndinkati bambo a uje, atapita ndinkati malemu. Ndinachita kulifunafuna pakamwa, koma ndinalitchula. Amayiwo anayesa kulibwereza n'kulakwitsa. Ndinawakonza, analakwitsanso, ndinawakonzanso, ndipo anakana kusiya mpaka linamveka mmene apongozi anga ankalitchulira.

Kenaka anabwezera kakapu pamalo pake, osataya tiyi uja. Anagogoda kabelu, anaphatikiza manja, n'kuyamba kuyankhula ndi amuna awo m'chinenero chawo. Sindinamve kanthu, koma pakati pa mawu achilendowo ndinamva dzina la amuna anga likutchulidwa momveka bwino, m'nyumba ya eni, mumzinda umene anaferamo. Atamaliza anatembenuka n'kundiuza kuti amawadziwitsa mlendo amene akhala akumwa naye tiyi masiku onsewa, chifukwa si bwino kukhala ndi munthu m'mawa uliwonse osamudziwa dzina.