Ndinabwerera ndi Malata, Denga Atasasula Kale

Ndinasiya nkhalamba ziwiri pamvula chifukwa cha mkwiyo wanga, ndipo imodzi inamwalira. Sindizungulira ayi. Ndine munthu wa mtima wapachala, aliyense pa Neno boma angakuuzeni, koma zimene ndinachita ku Ligowe zinapyola muyezo. Inu owerenga, makamaka amene muli m'mabungwe othandiza anthu, ndimvereni.

Chisankho choyamba cha zipani zambiri chitangodutsa, ife ochita malonda pa boma tinayambitsa kalabu yathu. Tinkakumana Loweruka loyamba la mwezi kuseri kwa golosale ya a Kaliwo, amene anali wapampando. Ntchito yathu inali kuyendera odwala, kugawa mabulangete nyengo yozizira, ndi kukonza nyumba za okalamba osowa owathandiza. Tikatha zokambirana tinkamwa tiyi ndi kachewere wokazinga, bawo ili pakati, kunyozana kwachibale kuli mkati. Ine ankanditchula Chiphaliwali, ndipo ndinkayankha. Lamulo lalikulu linali limodzi: ndale zizitsala pakhomo pamodzi ndi nsapato zamatope. Masiku amenewo anthu ankaleka kupatsana moni chifukwa cha mtundu wa nsalu, koma ife tinkadyera mbale imodzi. Lamulolo ndinalikweza ndine pamsonkhano, chifukwa ndinafika Folomu 4 ndipo ndinkadziona ngati wodziwa zinthu.

Mvula itayandikira, a mpingo wa ku Ligowe anatitumizira uthenga woti kuli banja la okalamba lomwe denga lawo lawola. Mayi wa pabanjapo, Anasibeko, sankayenda. Ana analibe pafupi. Tinagwirizana kuti tikakhome malata. Anzanga analawirira pa njinga kuti akasasule udzu wakale ndi kuika mapaso atsopano, ine nditsatire masana ndi malata, misomali ndi pepala la pulasitiki, poti wa galimoto m'kalabumo ndinali ndekha.

Ndinafika dzuwa litapendeka pang'ono, mitambo itayamba kuda cha kumapiri. Nyumba inali yoyasama kumwamba, makoma okha ndi mapaso. Katundu yense anali panja. Mayi wokalamba uja anamugoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Pambali pake panakhala bambo woonda, wa chipsera pachibwano.

Chipseracho ndinachidziwa ndisanazimitse injini. Anali a Fulaitoni.

M'nthawi ya chipani chimodzi, munthu ameneyu ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi. Mkazi wanga ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, anamukhazika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, ati agule makadi awiri, lake ndi la amene ali m'mimbayo. Ine ndinali ku Lisungwi kukagula katundu. Nditabwera sindinathe kunena kanthu, chifukwa nthawi imeneyo kutsegula pakamwa kunali kudziputira. Ndinameza. Zaka khumi ndi ziwiri chinthucho chinali pakhosi panga, ndipo tsiku limenelo chinatuluka chonse.

A Kaliwo anali pamwamba pa khoma, hamala m'manja.

"Chiphaliwali, wachedwatu. Tsitsa malata, ona kumwambako."

"Munthu uyu mukumudziwa?" ndinatero. "Mumufolerere ndi makadi ake aja. Anatsala ambiri."

Ena anaseka, kuyesa ndi nthabwala zathu za masiku onse. Ataona kuti ndikulowanso m'galimoto, kuseka kunatha. Mayi Nachisale, ogulitsa nsalu, anabwera n'kugwira chitseko.

"Achimwene, yanu ndi galimoto yokha. Malatawa ndi a kalabu. Tsitsani, muzikakwiya muli wopepuka."

Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake anandipsetsa mtima kwambiri. Ndinawachotsa dzanja, n'kutembenuza galimoto. Ngakhale pepala la pulasitiki lija sindinaponye pansi.

Mvula inandipeza nditangowoloka kamtsinje. Ndisakunamizeni kuti ndinamva chisoni. Mumtima ndinati, aone nayenso. Za mayi wogona pamphasa uja sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Kunyumba ndinafotokoza monyadira, kuyembekeza kuti mkazi wanga andiyamika. Anasiya kusankha nyemba n'kundiyang'ana.

"Mimba inali yanga, dzuwa linandiwotcha ine. Ndinakutumani?"

Sindinadye. Ndinkangotuluka pakhonde, kulowa, kutulukanso. Ndikafuna kukhala, mpando unkanditentha. Kutacha ndinaliza galimoto kuti ndibwerere, koma amene mumadziwa misewu ya kwathu kuno mukudziwa kale mapeto ake. Kamtsinje kaja kanali katadzaza, matope mpaka m'maondo. Ndinabwerera. Mawa lake chimodzimodzi. Unali mvumbi wa masiku atatu, malata ali mbuu kumbuyo kwa galimoto, pakhomo panga, aliyense wodutsa akuwaona.

Zimene zinachitika kumeneko ndinamva kwa a Kaliwo. Anayesa kubwezera udzu wakale, koma udzu wowola ukautsitsa subwereranso, umangoyoyoka m'manja. Anaphimba ngodya imodzi ndi matumba, osathandiza. Nyumba yapafupi inali kutsidya kwa dambo, ndipo pomwe ankafika nawo Anasibeko kumeneko atawanyamula pa chitseko, anali atanyowa mpaka mkati, akunjenjemera. Chibayo chinawagwira. Anawatengera kuchipatala chaching'ono cha komweko, a chipatala anayesetsa, koma thupi linali lotha kale. Sabata isanathe anatisiya.

Kumaliro ndinapita. Mkazi wanga ndiye anati tipite, ndipo ananyamula ufa ndi nkhuni. Anthu ankandipatsa njira ngati ndanyamula moto. Mwambo utatha, a Fulaitoni anandiitanitsa. Ndinagwada pafupi nawo nditakonzeka kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkafuna anditukwane.

"Ndinu aja a galimoto?" anafunsa. "Akuti munakwiya nane. Ndinakulakwirani chiyani, mwana wanga?"

Ndinawauza zonse, za chipata, za dzuwa, za makadi awiri. Anayang'anitsitsa mkazi wanga.

"Analipo ambiri. Mayiwa sindikuwakumbuka. Ngati ndinachita, ndinalakwa." Kenaka analoza kumanda ndi ndodo yawo. "Koma uyu sanagulitsepo khadi ngakhale limodzi."

Inu owerenga, ganizani. Zaka zonsezo ine ndikutukusira munthu amene sankadziwa n'komwe kuti ndilipo. Ndipo pobwezera ndinaphonya, ndinalasa wina.

Sindikunena kuti zimene ankachita pachipata paja zinali zabwino. Zinali zoipa, ndipo ndidzanena choncho mpaka kufa. Ndikanatha kukana pamsonkhano dzina lawo likanatchulidwa, koma sindinafunse, ndinali kalikiliki ndi bawo. Ndikanatha kutsitsa malata, n'kuwauza mawu anga onse pamaso pa anthu, n'kuchoka. Ufulu wolankhula tinali titaupeza kale. Ine ndinasankha kulankhula ndi denga la munthu.

A kalabu sanandichotse. Ena ankafuna, koma a Kaliwo anati kundichotsa n'kundipeputsira. Msewu utauma tinabwerera ku Ligowe, ndipo malata onse ndinakhoma ndekha, anzanga akungondipatsira misomali osalankhula. Mpaka pano ndimapitabe kumisonkhano. Tiyi amandithirira, moni amandipatsa, koma palibe amene amandinyozanso. Amanditchula bambo, mwaulemu wake, ngati mlendo. Ndikakhala pa bawo, mnzanga amasewera msangamsanga kuti athane nane. Nthawi zambiri sindidikira kuti athe, ndimadzuka n'kumazungulira panja.

Tsono langizo langa ndi ili. Ngati mwalowa m'gulu lothandiza anthu, dziwani kuti tsiku lina adzakutumani kwa munthu amene anakupwetekani. M'dziko muno tonse tinachokera m'nyengo imodzi, ozunza ndi ozunzidwa tikugula pamsika umodzi, ndipo ukalamba sufunsa kuti unali mbali iti. Ngati simungathe, nenani ntchito isanayambe, apite ena. Koma anzanu akasasula denga podalira inu, mulibenso ufulu wokwiya mpaka msomali womaliza utalowa. Katundu wa gulu si chibonga chanu. Ndipo musanalange munthu, yang'anani amene wagona pambali pake.

Ndimadutsako ku Ligowe kawiri pamwezi, kukasiya sopo ndi mchere. A Fulaitoni amalandira, amathokoza, sitikamba zambiri. Nyumba ija sidonthanso. Mumagona munthu mmodzi.