Ndinakana Kuchotsa Detabesi M'mafoni a ku Kachebere

Achemwali anga ndi mlangizi wa zaumoyo kumidzi ya ku Kachebere, m'boma la Mchinji, ndipo pulogalamu imene ankalemberamo ana a kusikelo ndinaipanga ndine. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kubungwe lina ku Lilongwe. Pulogalamuyo inkatsegulidwa mu bulawuza, chotsegulira masamba a intaneti pafoni, ndipo chilichonse chimene mlangizi walemba chinkayenera kupita pomwepo ku seva, kompyuta yaikulu ya kuofesi. Mutauni inkayenda bwinobwino.

Nditapita kumudzi patchuthi, achemwali ananditengera kusikelo. Amayi anali atandandalika pansi pa mtengo wa mango, ana ali pamiyendo. Achemwali anapima mwana woyamba, kulemba kulemera kwake, n'kudina. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira pafoni. Kanazungulira mpaka mwana uja anayamba kulira, ndipo amayi ena awiri anabereka ana awo n'kumapita kudimba osapimitsa.

"Waiona ntchito yako?" anatero achemwali akundipatsa foniyo. "Kuno foni ukangotembenuka nayo yagwira netiweki ya ku Zambia. Ukufuna ndizikwera pachulu mwana wa eni ali m'manja?"

Nditabwerera ku Lilongwe ndinawafotokozera abwana anga. Iwo anangoseka. "Ku Mchinji netiweki iliko, mayi. Alangiziwo ndi ulesi chabe."

Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa achemwali amapalasa njinga m'matope kuti akafike kumidziko. Sindinapemphenso chilolezo. Ndinaika detabesi yaing'ono, nkhokwe yosungiramo zolembedwa, mkati mwa bulawuza momwemo, kuti foni izisunga yokha mayina ndi masikelo a ana, n'kuzatumiza ikapeza netiweki.

Ulendo woyamba zinandikanika. Bulawuza imagwira ntchito imodzi panthawi, ndiye ikayamba kufufuza dzina la mwana m'nkhokwemo, china chilichonse chinkaima. Achemwali ankadina, kudinanso, foni ili duu.

"Kale inkazungulira, pano yafa," anatero pondiimbira. "Usandiyesere mankhwala ako pa ana a anthu."

Ndiye ndinasamutsa detabesi yonse n'kuipereka kwa chimene opanga mapulogalamufe timati weka, kapulogalamu kogwira ntchito kuseri. Tsamba limene mlangizi akuona limangotumiza uthenga kuti ndipezere mwana wakuti, weka n'kukafufuza, n'kubweza yankho, uku tsambalo likupitiriza kulandira zimene mlangizi akulemba. Ndinavutika nazo, makamaka pamene mayankho ankabwera mosemphana, kulemera kwa mwana uyu kukagwera pa dzina la wina. Ndinapatsa uthenga uliwonse nambala yake kuti yankho lisasochere, ndipo ndinayesa mobwerezabwereza nditazimitsa intaneti pafoni.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kukaiyesera konko. Achemwali anapima ana onse dzuwa lisanafike paliwombo. Sananditamande. Anangoti, "Uwaikirenso alangizi anzangawa," ndipo ndinawaikira.

Abwana anadziwa ataona kuti zolemba za ku Kachebere zayamba kufika zodzadza. Anandiitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Anakuuzani ndani kuti musunge mayina a ana m'mafoni? Foni ikabedwa?"

Funsolo linali loona, ndipo ndinali nditaliganizira kale. Ndinawaonetsa kuti zonse n'zokhomedwa ndi mawu achinsinsi a mlangizi aliyense, moti wakuba sangawerenge kanthu. Sanayang'ane n'komwe.

"Muchotse sabata ino. Kuno sitisintha zinthu aliyense mmene wafunira."

"Bwana, tiyeni limodzi ku Kachebere, mukakhale pansi pa mtengo paja mpaka sikelo ithe. Mukakanena komweko kuti ndichotse, ndichotsa."

"Ndati muchotse."

"Sindichotsa."

Mawuwo sindinawabweze. Kontilakiti yanga itatha sanaiwonjezere. Anauza mnzanga wina wa mu ofesi kuti abwezeretse pulogalamu yakale, ndipo anabwezeretsadi. Koma alangizi a kumalire anakana kuigwiritsa ntchito, achemwali ali patsogolo. Anawauza a kuofesi kuti bola azingopima ana osatumiza kalikonse kusiyana n'kumasunga amayi padzuwa. Mvula isanagwe, mnzanga uja anandiimbira mwakachetechete kundifunsa mmene uthenga umayendera pakati pa tsamba ndi weka, kuti abwezeretse detabesi ija m'mafoni. Ndinamufotokozera zonse, osabisa kanthu, chifukwa ana opimidwawo ndi a kwathu.

Abwana aja sanandiimbirepo, inenso sindinapite kukapepesa. Pano ndimakhala pa boma pa Mchinji. Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya Msilamu wina wogulitsa nsalu, ndipo ndimapangira mapulogalamu masukulu ndi magulu a alimi. Aliyense wobwera ndimamuuziratu kuti pulogalamu yanga iyenera kugwira ntchito ngakhale netiweki palibe, ndipo amene sakufuna zimenezo akapangitse kwina.