Tsitsi Lomwe Sanandimete

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe madzi anatikokolera mapira ku Makhanga. Sindinafunse munthu. Mwana wanga Esinati, wa zaka zitatu, ndinamusiya m'manja mwa mkulu wanga Fanesi, ine n'kukwera bwato kukapeza basi kutsidya.

Kumeneko ndinkachapa ndi kusita m'nyumba za eni. Ndalama ndinkatumiza, foni ndinkaimba Lamlungu lililonse. Anthu amaona ngati ku Joni timangodya nyama, chonsecho ine ndinkatha sabata yathunthu osayankhula chinenero chathu ndi munthu.

Esinati anamwalira ndi malungo m'chaka changa chachitatu. Pasipoti yanga inali itatha, moti pomwe ndinkafika kumudzi panali patapita miyezi iwiri. Maliro anaika, kumeta anameta, anthu anabwerera kuminda.

Ndinatsika ndili ndi meshi kumutu. Azimayi pa mjigo sananong'one n'komwe. "Taonani namfedwa wa ku Joni, tsitsi mpaka m'mapewa." Fanesi naye ngakhale pepani sanandipatse. Anangoti, "Wabwera kudzatani? Ife tinalira kale."

Ndinapsa mtima, ndipo ndikakumbuka ndimapsabe mtima. Kodi ndinapita kukasewera?

Abusa ananditumiza kwa mayi Nyakamba, omwe anaphunzira uphungu wa anamfedwa ku Blantyre. Ndinapita kuopa kuti abusa angandione wamwano. Tinakhala m'kachipinda ka kutchalitchi kotentha ngati ng'anjo, iwo kope lili pamwendo.

"Mukumva bwanji mumtima?" anandifunsa.

Funso lanji limenelo kwa munthu woferedwa mwana? Ndinawayankha kuti ndikumva kutentha. Sabata yachiwiri anati ndilembere Esinati kalata. Ndinati mwanayo wapita asanadziwe kuwerenga.

Sabata yachitatu ndinawalalatira. "Inu mukungofuna ndilire. Ndilira bwanji poti maliro anatseka ndisanafike? Onse anameta, ine ndekha ndatsala ndi tsitsi ngati wongodutsa."

Mayiwo anatseka kope lija. "Ndiye kuti palibe anakumetani?"

"Andimete ndani?"

M'mawa mwake mayi Nyakamba anatulukira kwathu ndi lumo latsopano. Sanandipatse ine. Anapatsa Fanesi, n'kunena kuti, "Mwambowu mumaudziwa kuposa ine."

Fanesi analiyang'ana lumolo. "Ndimete munthu wothawa mwana wake?"

"Nanga inu amene anakuferani m'manja?" ndinabweza.

Mawuwo anali atatuluka basi, ndipo sindinafune kuwabweza. Ndinkayembekeza kuti tigwirana. Koma Fanesi anangomasula duku lake. Mutu unali wometa kumene, pomwe ena onse tsitsi linali litamera kalekale.

"Ndimameta sabata iliyonse," anatero. "Kwa ine sizinathe."

Ndinali nditabwera ndi maganizo oti kwathu mwana wanga anamuiwala. Chonsecho munthu amene ndinkadana naye kwambiri ndi yemwe anakana kutseka maliro.

Anandikhazika pa mphasa, n'kuyamba kumasula meshi mokoka. Dzanja lake linali laukali, mpaka anandicheka kuseri kwa khutu. Sanapepese, nanenso sindinapepese. Mayi Nyakamba anakhala pakhonde, osalemba kanthu.

Lumo litafika pa liwombo, ndinafuula dzina la mwana wanga, koyamba chibwerereni. Azimayi a pa mjigo aja anatula zidebe zawo, n'kubwera kudzakhala pansi.