Diso la a Fainess linkabanika mwakachetechete

Ku Njombwa, fodya wa munthu akasankhidwa bwino, anthu sankafunsa kuti wasankha ndani. Ankadziwa kuti ndi a Fainess, akazi awo a Jeremiya. Tsamba ankangoliyang'ana kamodzi padzuwa, basi laponyedwa kale pamulu wake. Anali mayi wamtali, wosachedwa kupsa mtima, wosachedwanso kuseka.

Matenda a shuga anawapeza nawo ana atakula kale. Mankhwala ankamwa akapezeka, akasowa ankangokhala.

Chaka china, mvula itatsala pang'ono kugwa, kuchipatala cha paboma kunabwera madokotala a maso ndi makina ojambula mkati mwa diso. A Fainess anawathira mankhwala m'maso, anawatenga magazi, kenako namwino wina dzina lake Comfort anawaonetsa chithunzi chozungulira, chofiirira ngati dzungu lakupsa.

"Amayi, uku ndi kumbuyo kwa diso lanu. Mukutiona timadontho iti? Timitsempha tayamba kuchucha. Magazi sakufikitsa mpweya wokwanira, ndiye diso likubanika pang'onopang'ono."

"Likubanika bwanji poti ndikuona bwinobwino? Ulusi pasingano ndimalowetsa ndekha."

"N'chifukwa chake tikuti mupite ku Lilongwe panopa, zisanafike poipa. Akakuonani Lachinayi likubwerali."

Lachitatu masana kunamveka kuti feteleza wa makuponi wafika kudepoti. Zaka zimenezo aliyense ankadziwa kuti ukachedwa pamzere umabwerera kuponi ili m'manja. A Jeremiya anali kumaliro a mlamu wawo ku Simlemba. A Fainess anaima pakhomo, chikwama cha ulendo chili chomanga kale, nakumbukira chaka cha njala chija anthu ankakumba zitsa za nthochi. Kutacha anasiya chikwama pamphasa n'kulunjika kudepoti.

Feteleza anamupeza. Chimanga chinabereka mpaka nkhokwe kupendekeka. Maso nawo sankapweteka, ndiye za ku Lilongwe zinasanduka za tikatha kupalira, kenako tikatha kusoka fodya, kenako tikagulitsa.

Zinadutsa zaka. Tsiku lina ali m'chigafa anaona tizingwe takuda tikuyandama patsamba. Anapukuta tsambalo, anatikita maso, tizingwe osachoka. Sanauze munthu. Chaka chimenecho mabelo awo anabwezedwa ku okushoni, ati fodya ndi wosakanikirana. Apo ndiye a Fainess anakhala pansi n'kulira, ndipo a Jeremiya anawakweza basi.

Dokotala wa ku Lilongwe anayang'ana nthawi yaitali. "Lakumanzereli magazi atayikira mkati, sitingalibwezeretse. Lakumanjali tiyesetsa. Anakuuzani liti kuti mubwere?"

"Kale," anayankha a Fainess.

Dokotalayo sanawakalipire, ndipo zimenezo zinawawawa kuposa kukalipiridwa. Anawotcha timitsempha tochucha tija ndi kuwala kwa makina. Diso lakumanjalo linatsala likuona ngati la munthu amene ali m'nyumba yodzaza utsi.

Pobwerera m'basi a Jeremiya anati, "Ndikanapanda kupita kumaliro kuja, pamzere ndikanaima ine."

"Musadzivutitse, bambo. Inu munabwera Loweruka. Chinandiletsa n'chiyani sabata inayo? Ndinkaona. Ndinkati munthu woona apitirenji kuchipatala cha maso."

Nyengo yosankha itafika anayesa kudziwa masamba ndi zala, koma shuga anali atalowanso m'manja, zala zinkangochita dzanzi. Ntchito inapita kwa mpongozi wawo. Alimi amene kale ankabwera ndi njinga kudzawatenga anayamba kungopereka moni ali pamsewu.

Masiku ano a Fainess amakhala pakhonde kusenda mtedza. Akatha amatsamira khoma kuti apume. A Jeremiya amabwera, amakoka lichero mosamala, n'kuyamba kutolamo wowola umene walowa pamodzi ndi wabwino. A Fainess amamva mtedzawo ukugwera pansi umodziumodzi, koma amakhala ngati agona.