Mbozi ya pa Msuku

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinajambula chithunzi changa choyamba. Tinkakhala pakomboni ya famu ina ya fodya ku Tengwe, ndipo inali nyengo ya mvula. Tsiku limenelo amayi anandituma kukatola nkhuni kuseri kwa mabani owotchera fodya. M'malo mwa nkhuni ndinabwerako ndi mbozi m'chitini.

Sinali ngati mbozi zomwe tinkapha m'minda ya fodya. Inali yaitali ngati chala cha munthu wamkulu, yobiriwira, ya timinga tofiira, ndipo m'mbali mwake munali mzere wachikasu ndi timadontho tabuluu. Ndinathamangira nayo kwa malume Yohane, mlongo wa amayi, chifukwa pabanja pathu iwo okha ndiwo anali ndi foni ya kamera.

"Malume, ndibwerekeni foni ndiijambule."

"Muzukuru, mwana wa mlongo wanga, batire latsala pang'ono, ndipo kotchajitsa ndi kumashopu," anatero, akusakaniza Chishona monga mwa masiku onse. Kenaka anasuzumira m'chitini. "Waitenga pa mtengo wanji?"

Sindinadziwe. Ndinali nditangoona mtundu wake basi.

Mboziyo inali itadzipinda, osagwedezeka. Ndinaiponyera tsamba la muriwo, ndiwo zamasamba za m'dimba la amayi, koma sinalikhudze. Ndinayesa la mango, chimodzimodzi.

"Wati ndi mlendo wa ku Harare woti adya chilichonse?" malume anaseka. "Mbozi zambiri zimadya mtengo wawo wokha. Ukapanda kuupeza, imeneyi ifa ndi njala m'chitini mwakomo. Ndipo ine maliro sindijambula."

Tinabwerera kuseri kwa mabani, ine patsogolo, misozi ili pafupi. Mitengo yonse inkaoneka yofanana. Ndinkayang'ana m'mwamba, koma malume anandigwira mutu n'kuuweramitsa.

"Yang'ana pansi. Wadya amasiya umboni."

Pansi pa msuku wina waung'ono tinapeza tizitosi takuda, tozungulira ngati nthanga za therere. Pamwamba pake masamba anali odyedwa m'mphepete. Ndinapendeketsa chitini panthambi, mbozi n'kukwawirapo pang'onopang'ono. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse foni.

"Dikira. Iyambe yaiwala kuti ulipo."

Tinadikira, udzu wonyowa ukundiyabwa m'miyendo, utsi wa m'mabani ukununkhira. Kenaka mbozi inadziwongola, n'kugwira tsamba ndi timiyendo take takutsogolo, n'kuyamba kulidya kuchokera m'mphepete. Mitundu yake inawala kuposa mmene inalili m'chitini. Malume anandipatsa foni, nati tsambalo lionekenso. Ndinadina kamodzi. Tisanafike n'kunyumba komwe, foni inazima.

Amayi atandifunsa za nkhuni, malume anayankha kuti tinali kuperekeza mlendo kwawo.

Chithunzicho ndinachiona foni itatchajidwa. Chinali chopendekeka, ndipo pakona panaoneka chala changa. Koma aliyense pakomboni amene anachiona ankayamba ndi mawu omwewo: "Iyi ndi ya pa msuku."

Lero ndimajambula ndi kulemba nkhani m'nyuzipepala. Ndikapita kumafamu, anthu amafuna kuvala za kutchalitchi ndi kuima chilili patsogolo pa khoma loyera. Chithunzi chimenecho ndimawajambula, chifukwa ndi chawo. Koma sindichoka msanga. Ndimakhala pansi, n'kudikira mpaka mayi abwerere kosankha fodya wake, aiwale kuti ndilipo. Pamenepo m'pamene ndimadina, tsamba likuonekanso.