Bolodi lomwe linkafuna dzina la munthu

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano zikundizunguza mutu. Ndiyambe ndakuuzani pomwe nkhani ili, mungati ndinagona nditadya zosayenera. Kuntchito kwathu timapanga mapulogalamu a pafoni, ndipo ine ndimatsogolera kagulu ka anthu asanu. Abwana agula pulogalamu yoyendetsera ntchito, ija yokhala ndi bolodi pomwe ntchito iliyonse imakhala kakhadi kolembedwa dzina la woigwira. Khadilo limasuntha kuchoka pa "Zoti tichite" kupita pa "Zikuchitika" mpaka pa "Zatha", ndipo likakhalitsa malo amodzi limafiira. Andiuza kuti ineyo ndisankhe kakonzedwe ka bolodilo lero. Anawonjezeranso, akumwetulira, kuti kampani ichotsa munthu mmodzi, ndipo amene makadi ake azifiira kwambiri ndiye apite.

Ndiye m'malotomo ndinali muofesi ndi laputopu yanga, koma ofesiyo inali pakati pa depoti ya mabasi. Ndinasankha kakonzedwe ka masabata awiriawiri, koti gulu limalonjeza ntchito yomwe limalize nthawiyo isanathe. Nditangodina, bolodi lija linasanduka basi, makadi n'kumakwera okha ngati anthu. Kondakitala anali abwana, atavala tayi. Anati basiyi imanyamuka nthawi ikakwana, kaya yadzaza kaya ayi.

Kenako ndinaona a Yamikani, mkulu wathu wolemba mapulogalamu, amene akulera ana atatu a malemu mchimwene wawo. Ankathamanga kuchokera kumaliro ku Ntcheu, nsapato zili dothi lokhalokha, makadi awo ali m'manja. Basi inali itayamba kale kuyenda. Ndinakuwa kuti tiwadikire, koma mawu sanatuluke. Makadi aja anafiira m'manja mwawo momwemo, iwo n'kuima pamsewu n'kumandiyang'ana.

"Achemwali, ndikanasiya maliro?" anandifunsa.

Ndinabwerera pa laputopu, yomwe tsopano inali pamwamba pa thumba la chimanga, n'kusintha. Ndinasankha kakonzedwe kena, kopanda masabata, koti ntchito imangoyenda koma gawo lililonse la bolodi limalola makadi atatu okha. Ndiye tinali pachigayo, makadi atasanduka matumba. Poyamba zinkayenda bwino, mpaka ndinayamba kudzitama mumtima. Koma kumapeto kwa mzere kunali Tadala, mtsikana amene amayesa zonse tapanga zisanapite kwa kasitomala, ndipo panopa ndi woyembekezera. Anthu anayi tinkagaya, wosefa ali yekha. Matumba anaunjikana pa iye mpaka ndinkangoona kansalu ka kumutu kwake. Onse anali ofiira, ndipo aliyense akafuna kudutsa ankaloza iyeyo kuti ndi amene watsekereza njira.

Mtima unandipweteka, abale, chifukwa mwana ameneyu ndinamulemba ntchito ndine. Ndinati bwanji ndiwonjezere magawo kuti bolodi lizinena zoona. Ndinaika gawo la "Tikudikira magetsi". Ndinaika la "Netiweki yathawa", la "Kasitomala sakuyankha foni", la "Ali kumaliro", ngakhalenso la "Ali kusikelo". Gawo lililonse linkasanduka chipinda, ndipo zipindazo zinalumikizana kukhala nyumba yaitali yopanda mawindo. Gulu lonse linkangoyendayenda m'makhonde, kunyamula makadi kuchoka chipinda china kupita china, popanda wokhala pansi kugwira ntchito. Ndinakumana ndi kasitomala wathu atakhala pabenchi, ndevu zitamera mpaka pachifuwa. Sanakalipe ayi, anangondipatsa moni mwaulemu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kundinyoza.

Kenako tinali pamsonkhano wathu wam'mawa uja, womwe timaimirira aliyense n'kunena zomwe wachita dzulo. Koma tinaimirira m'madzi ofika m'mawondo, ndipo palibe anadabwa nazo. Aliyense ankati akatsegula pakamwa, m'malo mwa mawu mumatuluka khadi lofiira. Abwana ankatola makadiwo n'kumawaika m'milu, mulu wa a Yamikani uku, wa Tadala uku, n'kumayerekeza kuti wautali ndi uti. Ndinazindikira kuti kakonzedwe kalikonse komwe ndingasankhe kali kale ndi munthu wake womugwetsa. Ndinagwira njakata.

Ndiye panabwera nzeru, ndipo m'malotomo ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Ndinati mutu umodzi susenza denga, ntchitoyi ndi ya gulu, nanga mayina pamakadi ndi a chiyani? Ndinayamba kufufuta. Dzina la Tadala linachoka, matumba aja n'kumutsika, iye n'kupuma. La a Yamikani linachoka, ndipo ndinawaona atakhala pampando wakutsogolo m'basi muja akudya chimanga chootcha. Makadi onse anayera. Madzi anaphwa. Tinayamba kuombera m'manja.

Apo laputopu inalankhula, ndi mawu a mayi odekha bwino.

"Khadi lililonse likhale ndi mwini wake."

Ndinadina kuti ayi. Inabwerezanso. Ndinafuna kuizimitsa koma batani linali litasowa. Kenako inati popeza palibe dzina, iika la amene wakonza bolodi. Ndinaona dzina langa likulembeka pakhadi loyamba, lachiwiri, lachitatu, kutsetsereka mpaka pansi, ndipo lililonse likangolandira dzinalo linkafiira. Makadiwo anayamba kudzimata pathupi panga, pamikono, pakhosi, mpaka pakamwa. Ndinayang'ana anzanga aja kuti wina anene kanthu. Onse anali ataweramira makompyuta awo, akugwira ntchito mwamtendere womwe sindinauonepo chiyambire. Tadala anadzutsa mutu pang'ono, n'kuweramanso.

Abwana anabwera, n'kundigwira paphewa.

"Mayi, mwasankha bwino kwambiri," anatero, uku akunditsegulira chitseko. Kunja kwa chitsekocho kunali mwana wanga atavala yunifomu, atanyamula chikwama cha kusukulu, akundidikira.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, chinsalu chofunda chitandikulunga kukhosi. Nditagwira foni ndinapeza uthenga wa abwana: "Mwadzuka bwanji mayi, mwasankha kale?"

Sindinawayankhe mpaka pano. Ndakhumudwa, ndipo mantha ndili nawo, sindibisa. Chomwe chikundisowetsa mtendere n'choti ndisanagone dzulo ndinali nditatsimikiza kale zochotsa mayina pamakadi, ndipo ndinkadziona wochenjera. Tsono inu odziwa kumasulira, ndithandizeni msonkhano usanayambe. Malotowa akundichenjeza kuti ndisatero, kapena akungondiuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya? Ndipo amene munene kuti ndisiye mayinawo, mundiuzenso kuti ndikayang'ane nkhope ya ndani, ya Tadala kapena ya a Yamikani.